Bwalo la Milandu la m'Nyimbo

Anthu ambiri kuno kwathu amati reggae ndi nyimbo za mtendere. Akamva dzina la Jamaica amakumbukira Bob Marley, chikondi cha pa abale ndiponso kumasuka kwa munthu wakuda. Zimenezi nzoona ndithu, komatu ndi theka chabe la nkhani. Ife amene tidakula tikumva nyimbozi m'mabasi, m'magolosale ndi pa wailesi, tikakhala pansi ndi kutchera khutu ku mawu ake, timapeza kuti zochuluka mwa izo zikusimba za mfuti, za apolisi, za ndende ndi za bwalo la milandu. Tsono mwezi uno tafuna kuti tilingalire pamodzi nanu, awerengi athu, m'mene zidakhalira kuti chilumba chaching'ono chotere, cha anthu osakwana 3 miliyoni, chidzaze dziko lonse lapansi ndi nyimbo zokamba za upandu, ndiponso zimene zidawaonekera eni ake amene ankaziimba.

Nkhaniyi idayamba reggae isanabadwe. Mu 1948 mnyamata wina dzina lake Vincent Martin, amene anthu ankamutcha Rhygin, adathawa m'ndende yaikulu ya mu mzinda wa Kingston. Apolisi atamuzinga pa nyumba ina ya alendo, iye adawombera, napha wapolisi mmodzi, nathawanso. Posakhalitsa adaphanso mayi wina. Kwa masabata angapo boma lidamusakasaka osamupeza. M'malo mobisala mwakachetechete monga achitira munthu wolakwa, iye ankatumiza makalata ku nyuzipepala, ndipo zithunzi zake atagwira mfuti zidafala ponseponse. Potsiriza apolisi adamuwombera pa kachilumba ka mchenga kotchedwa Lime Cay. Chodabwitsa nchakuti amphawi ambiri a m'Kingston sadamuyese chigawenga ayi. Masiku amenewo Jamaica idali m'manja mwa Angerezi monga momwe idaliri Nyasaland, ndipo munthu wa m'zisakasa ankaona wapolisi ngati ndodo ya mwini chuma. Amene adanjenjemeretsa ndodoyo, ngakhale kwa masabata owerengeka, adasanduka ngwazi. Koma dzina la mayi adaphedwa uja ndi ochepa amene adalisunga.

Jamaica idalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Ogasiti 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti ifenso tilandire wathu. Anyamata miyandamiyanda adachoka kumidzi kukafuna ntchito mu mzinda, ntchitoyo osaipeza, ndipo adadzazana ku Trench Town ndi m'madera ena a kuzambwe kwa Kingston. Amene adataya mtima adayamba kuyenda ndi mipeni, pambuyo pake ndi mfuti. Anthu adawatcha "rude boys", ndiye kuti anyamata amwano. Chisangalalo cha amphawi chidali dansi ya pabwalo, pamene munthu wokhala ndi zimkuzamawu zazikulu ankaliza mbale za nyimbo usiku wonse, ndipo eni zimkuzamawu ena ankalemba ganyu anyamata amwanowa kuti akasokoneze dansi ya mnzawo. Koteroko woimba ndi wachifwamba adakulira pa khonde limodzi, kumwa pa mpopi umodzi. Nyimbo imene idayamba kutchukitsa gulu la The Wailers ku mayambiriro a 1964, yotchedwa "Simmer Down", idali yodandaulira anzawo omwewa kuti augwire mtima.

Pali nkhani ina imene Derrick Morgan, mmodzi mwa oimba otchuka a nthawi imeneyo, wakhala akusimba yekha, ndipo ife timaiyesa yofunika koposa zonse zimene tinene pano. Akuti tsiku lina adamudzera mkulu wa anyamata amwano, munthu woopedwa ndi onse, namulamula kuti amupekere nyimbo yomutamanda, ndipo adamupatsa masiku owerengeka. Morgan adadziwa chimene chikadamuchitikira akadakana. Adapeka nyimbo yotchedwa "Tougher Than Tough", imene ili ngati sewero la m'bwalo la milandu: woweruza akuwerenga milandu, anyamatawo akuyankha mosaopa, ndipo potsiriza atuluka ali mfulu. Mwini nyimbo ataimva pa dansi adakondwa zedi, nalamula kuti ibwerezedwe, nachita zachiwawa usiku womwewo monga munthu woledzera ndi mbiri yake. Sipadapite masiku, anyamata a gulu lina adamuwombera, nafa. Nyimbo yake ikulirabe mpaka lero.

Taonani zimene zili m'kankhani kameneka. Woimba sadaimbe mwaufulu. Mfuti idamuloza iye asanayambe kuimba za mfuti. Wotamandidwayo adakhulupirira nyimbo yake, nayesa kukhala monga momwe nyimboyo idamujambulira. Ndipo amene adavina usiku umenewo, ambiri mwa iwo anthu osalakwa amene ankavutika ndi achifwamba omwewo, adaikonda nyimboyo ndi mtima wonse. Chifukwa ninji? Tiganiza kuti nchifukwa chakuti aliyense wa iwo adali ndi mbale kapena mnansi amene adaimapo pamaso pa woweruza ali wonjenjemera, wopanda loya, wosamva ndi Chingerezi chomwe cha m'bwalomo. Kumva mmphawi akuyankha woweruza mosaopa, ngakhale m'nyimbo chabe, kudali ngati kumwa madzi ozizira.

Yankho lidabwera msanga. Mu 1967 Prince Buster adatulutsa nyimbo ya "Judge Dread", m'mene iye mwini asewera ngati woweruza waukali amene agamula kuti anyamata amwano akakhale m'ndende zaka mazanamazana, ndipo mmodzi akalira amamuwonjezera zina. Oimba ena adapeka nyimbo zochita apilo, ena zowirikiza chilango, mpaka Buster mwini adatulutsa ina yowakhululukira akaidi ake aja. Mlandu wongopeka udazengedwa miyezi yambiri pa mbale za galamafoni, anthu akuutsata ngati weniweni. Ife a kuno izi sizitidabwitsa kwenikweni. Amayi athu akhala akuzenga milandu pamtondo kuyambira kalekale: mwamuna wankhanza, mpongozi wovuta, mfumu yokondera, onsewa amatchulidwa m'nyimbo ya pamtondo, mudzi wonse ukumva, ndipo palibe angamugwire mayiyo pakamwa. Pamene bwalo lenileni latsekera munthu khomo, nyimbo imamutsegulira lina. Chosiyana nchakuti mayi wa pamtondo sagwira mfuti.

Kuimba modzitamandira pa kupha munthu sikudayambe ndi Kingston. Imodzi mwa nyimbo zakale koposa za m'Malembo Oyera, pa mutu 4 wa buku la Genesis, ndi ya Lameki, mdzukulu wa Kaini, amene aitana akazi ake awiri kuti amve m'mene adaphera munthu chifukwa chongomupweteka, nalonjeza kulipsira kopitirira kwa kholo lake. Mlembi adaika nyimboyi pafupi ndi mbiri ya ana a Lameki yemweyo, mmodzi kholo la oimba zeze ndi chitoliro, wina kholo la osula zitsulo. Woimba ndi wosula mpeni adabadwira m'nyumba imodzi. Wophedwayo sadatchulidwe dzina.

Mu 1972 mbiri ya Rhygin idaukanso. Perry Henzell adakonza kanema wotchedwa The Harder They Come, m'mene Jimmy Cliff asewera ngati Ivan, mnyamata wa kumudzi wofuna kukhala woimba. Mwini malo ojambulira nyimbo amupatsa madola 20 okha pa nyimbo yake, naiika pambali. Koma Ivan atawombera apolisi ndi kukhala wofunidwa ndi boma, nyimbo yomwe ija iyamba kulira pa wailesi ndi kugulidwa ngati mchere. Kanema ameneyu ndiye adadziwitsa reggae kwa anthu ambiri a maiko akunja, ndipo adanena poyera chinthu chimene amalonda sakonda kuti chinenedwe: magazi amagulitsa mbale. Chaka chotsatira Bob Marley adaimba nyimbo yake ya munthu amene avomera kuti adawombera mkulu wa apolisi podziteteza, koma akana kuti adapha wachiwiri wake. Woimba wa ku England, Eric Clapton, ataibwereza mu 1974, idafika pa nambala 1 ku America. Nyimbo imeneyi ndi yanzeru kuposa zinzake, pakuti woimbayo sakana kuti lamulo liyenera kukhalapo. Avomera mlandu umodzi, akana wina, ndipo anena kuti ngati wolakwa ndiye, alipira. Chimene akudandaula nchakuti munthu wovala yunifolomu adamuda popanda chifukwa, namusaka ngati nyama. Kumeneko nkupempha chilungamo. Koma omvera angati amamva mbali imeneyo? Mnyamata wa zaka 15 amangogwira mawu oyamba aja, owombera.

Tsono tiyenera kunena za kumene mfutizo zinkachokera, popeza mmphawi wosowa chakudya sagula mfuti ndi ndalama zake. Kuyambira zaka za m'ma 1960, zipani ziwiri zazikulu za ku Jamaica, JLP ndi PNP, zidayamba kugawana madera a amphawi a m'Kingston. Malo a zisakasa otchedwa Back-o-Wall adagumulidwa, pamalopo nkumangidwa nyumba za Tivoli Gardens, zimene zidakhala linga la otsatira Edward Seaga. Chipani chinacho chidamanganso malinga ake. M'dera lililonse mudali mkulu wa achifwamba amene ankagawa ntchito ndi nyumba, naonetsetsa kuti anthu onse aponya voti mbali imodzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wapolisi akadamugwira bwanji munthu amene ankadya ndi nduna? Motero ukali wa lamulo udagwera ana osauka opanda wowaimira. Mu 1974 boma la Michael Manley lidakhazikitsa bwalo lapadera la milandu ya mfuti, la Gun Court, lozingidwa ndi waya waminga ndi lopakidwa utoto wofiira kuti liziopsa. Milandu yambiri inkazengedwa mseri, ndipo wopezeka ndi mfuti popanda chilolezo, ngakhale chipolopolo chimodzi chokha, ankatsekeredwa osauzidwa tsiku lotuluka, mpaka bwalo la Privy Council ku London lidagamula mu 1975 kuti chilango chotere nchosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Kuphana sikudaleke.

Mu 1976 Junior Murvin adaimba "Police and Thieves", nyimbo ya mawu ofewa ngati a mwana, imene iika apolisi ndi mbala pa muyeso umodzi: onse awiri ali ndi mfuti mumsewu, onse awiri akuopsa anthu. Chaka chomwecho achinyamata akuda a ku London adaiyesa nyimbo yawo pamene adalimbana ndi apolisi pa chikondwerero cha ku Notting Hill. Ganizo limeneli ndi lakale. Augustino Woyera, m'buku lake la Mzinda wa Mulungu, adasimba za wachifwamba wa pa nyanja amene adagwidwa nkupita naye kwa mfumu Alexander. Mfumu itamufunsa chifukwa chake ankavutitsa anthu pa nyanja, iye adayankha kuti ntchito yawo ndi imodzi, kungoti iye ali ndi kangalawa kamodzi ndiye atchedwa mbala, pamene mwini zombo zambiri atchedwa mfumu. Augustino adavomereza yankholo, pofuna kuonetsa kuti ufumu wopanda chilungamo susiyana ndi gulu la achifwamba. Komatu tisaiwale kuti pakutero sadamuyeretse wachifwambayo. Adangotsitsa mfumu kufika pamene padali mbala. Apa ndi pamene nyimbo zambiri za mfuti zimaterereka: zikaona kuti wapolisi ndi woipa, zimathamangira kunena kuti wachifwamba ndi wabwino.

Eni nyimbo nawonso sadapulumuke. Pa 3 Disembala 1976, kutatsala masiku awiri kuti aimbe pa msonkhano wa Smile Jamaica, anthu a mfuti adalowa pakhomo pa Bob Marley ku Hope Road, namuvulaza iye, mkazi wake Rita ndi woyendetsa ntchito zake. Adaimbabe ali ndi mabala, kenaka adachoka m'dzikomo kwa nthawi yoposa chaka. Adabwerera kudzaimba pa 22 Epulo 1978, pa msonkhano wa mtendere umene udakonzedwa ndi akuluakulu awiri a achifwamba a zipani ziwiri zija, Claudie Massop ndi Bucky Marshall. Usiku umenewo Marley adaitana Manley ndi Seaga pa nsanja nawagwiranitsa manja, ndipo chithunzi chake chidayenda dziko lonse. Chimene chithunzicho sichionetsa ndi ichi: Massop adawomberedwa ndi apolisi mu 1979, Marshall adaphedwa ku New York mu 1980, ndipo m'chaka cha chisankho cha 1980 anthu oposa 800 adaphedwa m'Jamaica.

Peter Tosh, mnzake wa Marley wa pa unyamata, ndiye adalankhula mwaukali koposa usiku wa msonkhano uja, kudzudzula atsogoleri pamaso pawo chifukwa cha nkhanza za apolisi. Patapita miyezi isanu apolisi adamugwira namumenya m'chitolokosi mpaka pang'ono kufa. Komabe amene adamupha sadali apolisi. Pa 11 Seputembala 1987 anthu atatu a mfuti adalowa m'nyumba mwake kufuna ndalama, ndipo wowatsogolera adali Dennis Lobban, munthu amene Tosh adamuthandiza atatuluka m'ndende. Adapha Tosh pamodzi ndi anthu ena awiri. Chaka chomwecho Carlton Barrett, woimba ng'oma wa The Wailers, adawomberedwa pakhomo pake, ndipo mu 1989 King Tubby, katswiri wa makina ojambulira nyimbo, adaphedwanso pa chipata cha nyumba yake. Sitikunena kuti nyimbo zawo ndizo zidawapha. Ambiri mwa iwo sadatamandepo mfuti. Tikungoona kuti mfuti imene anthu ankaiyesa yomenyera amphawi nkhondo idatembenukira amphawi omwewo ndi oimba awo, pamene amene adaibweretsa adafa ndi ukalamba.

Nanga boma lichitenji? Njira yapafupi ndi kuletsa. Mu Okutobala 2022 bungwe loyang'anira mawailesi ku Jamaica lidaletsa kuulutsa nyimbo zotamanda mfuti zosaloledwa, mankhwala ozunguza bongo ndi kubera anthu mwachinyengo. Tikumvetsa mtima wa makolo amene adakondwa nalo lamuloli. Komabe ife Amalawi tili ndi chifukwa chokayikira lumo la boma. Lamulo lathu la 1968 loyang'anira mabuku, makanema ndi nyimbo lidakhazikitsidwa m'dzina la kuteteza makhalidwe abwino, koma lidafika poletsa ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia", chifukwa chongofanana dzina ndi Mama Kadzamira. Amene wapatsidwa mphamvu yoletsa nyimbo yotamanda chigawenga sachedwa kuletsanso nyimbo yodzudzula nduna, ndipo kawirikawiri amayambira yachiwiriyo. Sitidaiwale kuti Evison Matafale, mwana wa ku Chileka amene adaphunzitsa reggae kulankhula Chichewa chomveka, adamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, atagwidwa chifukwa cha zimene adalemba zodzudzula akuluakulu a boma. Kuwonjezera apo, masiku ano mwana safuna wailesi kuti amve nyimbo. Ili m'foni yake. Vybz Kartel, woimba wotchuka wa dancehall, adamangidwa mu 2011, napezeka wolakwa pa mlandu wakupha mu 2014, koma nyimbo zake zatsopano zidapitirira kutuluka iye ali m'ndende. Mu 2024 bwalo la Privy Council lidafafaniza chigamulocho chifukwa mmodzi mwa anthu othandiza kuweruza mlanduwo adaganiziridwa kuti ankafuna kupereka ziphuphu kwa anzake, ndipo Kartel adatuluka. Pamaso pa lamulo ndi mfulu, ndipo ife sitingamuweruze. Koma mtembo wa Clive Williams, mnyamata amene mlanduwo unkanena kuti adaphedwa, sudapezeke pa nthawi yonse ya mlanduwo, ndipo namtindi wa anthu amene adakasangalalira kutuluka kwa woimba sadapite kukapepesa kwa abale ake.

Apa ndiye pagona nkhawa yathu. Nyimbo imasankha amene alankhule. Mwa nyimbo zonse tatchulazi, wogwira mfuti ali ndi ndime yake, woweruza ali ndi yake, ngakhale wapolisi amatchulidwa. Wogona pansiyo alibe ndime, pakuti wakufa saimba, ndipo womvera amalowa m'thupi la amene akulankhula. Kwa mphindi zitatu mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale amakhala iye wogwira mfuti. Sakhala konse amene wailozedwa. Sitikhulupirira kuti nyimbo payokha ingasandutse mwana wabwino kukhala chigawenga. Njala, ulova ndi mabwalo okondera zili ndi mphamvu yoposa gitala. Koma nyimbo imaphunzitsa mtima kumene uyenera kuima pamene magazi akhetsedwa. Ndipo phunziro lomwelo, lakuti lamulo ndi lachabe ndipo mwamuna weniweni amadzigamulira yekha, ndilo limene timaliona m'misika yathu pamene khamu la anthu ligwira woganiziridwa kuba nkumuthira petulo. Amene amayatsa machesi amadziyesa Judge Dread, osati Rhygin, koma onse awiri akana kudikira bwalo.

Ambiri a ife imfa imene idatilasa mtima ndi ya Lucky Dube, popeza nyimbo zake zinkalira pakhomo lililonse. Mu 1989 adatulutsa chimbale cha Prisoner, m'mene adadandaula za dziko lomanga ndende m'malo mwa sukulu, nachenjezanso mwana wosamvera za kumene upandu umathera. Pa 18 Okutobala 2007 anthu ofuna kulanda galimoto adamuwombera ku Rosettenville mu mzinda wa Johannesburg, ana ake ali pomwepo. Mu 2009 amuna atatu adagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Pa mlandu umenewu lamulo lidagwira ntchito yake, ndipo sitidamve munthu ndi mmodzi yemwe akupeka nyimbo yotamanda atatuwo. Chifukwa chake nchapafupi: ulendo uno wophedwayo tinkamudziwa, mawu ake tinkawadziwa, ndipo tidaima kumbali yake osachita kuuzidwa.

Ilipo nyimbo ina ya Marley imene siimbidwa kawirikawiri pa madansi. Ili pa chimbale cha Rastaman Vibration cha 1976, ndipo dzina lake ndi "Johnny Was". M'nyimboyi mulibe ngwazi, mulibe woweruza, ndipo amene adawombera sadziwika nkomwe, pakuti chidali chipolopolo chosokera. Muli mayi yekha amene wapeza mwana wake ali gone mumsewu, ndi munthu wodutsa amene ayesa kumutonthoza. Mayiyo satchula chipani, safunsa za apolisi, salonjeza kulipsira. Angobwerezabwereza kuti mwana wake adali munthu wabwino. Chimbalecho chidatuluka mu Epulo. Mu Juni boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi, nkupatsa apolisi ndi asilikali mphamvu zotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndipo mu Disembala zipolopolo zidafika ku Hope Road.